Dnsmasq pa seva ya mu ofesi: zimene ndapeza patatha chaka ndikuigwiritsa ntchito

Kwa nthawi yaitali mayina a makina a mu ofesi yathu ankasungidwa m'njira yachikale. Kompyuta iliyonse inali ndi fayilo yake ya hosts, ndipo m'menemo ndinkalemba pamanja kuti dzina lakuti akaunti likuloza ku adiresi ya 192.168.10.5, lakuti mafayilo likuloza ku 192.168.10.6, ndi ena otero. Zinkayenda bwino mpaka tsiku limene tinasintha rauta n'kusamutsira seva ya maakaunti ku 192.168.10.20. Ndinatha masana onse ndikuyendera tebulo ndi tebulo, kutsegula fayilo ya C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts pa kompyuta iliyonse ya Windows ndi /etc/hosts pa za Linux, n'kumasintha nambala imodzi yomweyo. Malaputopu awiri anali ndi anzathu amene anapita kukagwira ntchito kumaboma, ndipo atabwera patatha milungu iwiri makinawo ankafunafunabe seva pamalo pamene inachoka kalekale. Tsiku limenelo ndi limene ndinaganiza zoika dnsmasq, pulogalamu yaing'ono imene imauza makompyuta onse a pa netiweki adiresi ya dzina limene afunsa.

Vuto limeneli silinayambe ndi ife. M'masiku a ARPANET, netiweki imene inatsogolera intaneti, mayina a makompyuta onse ankasungidwa m'fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, imene gulu la Elizabeth Feinler ku bungwe la kafukufuku la SRI ku California linkaisamalira, ndipo aliyense ankaikopera pa makina ake. Makina atachuluka, fayiloyo inkatha ntchito isanafike n'komwe kwa onse, ndipo m'chaka cha 1983 Paul Mockapetris analemba dongosolo la DNS kuti mayina azifunsidwa kwa seva m'malo mokoperedwa. Dnsmasq, imene Simon Kelley anayamba kuitulutsa m'chaka cha 2001, imalumikiza njira ziwirizi: imawerenga fayilo ya hosts ya pa seva imodzi, n'kumayankha nayo makompyuta onse a pa netiweki monga seva ya DNS, ndipo mayina amene siwadziwa imawatumiza kwa seva ina ya kunja n'kusunga yankho kwa kanthawi. Ndi yaulere, ili pansi pa chilolezo cha GPL, ndipo anthu ambiri amaigwiritsa ntchito asakudziwa, popeza ndi imene ili m'marauta a OpenWrt, m'kati mwa Pi-hole yotsekereza zotsatsa malonda, ndiponso ndi imene libvirt, pulogalamu yoyendetsera makina a virtual, imayatsa pa 192.168.122.1 kuti ipatse maadiresi makina a virtual.

Kuiika pa Ubuntu Server 22.04 kumafuna lamulo limodzi lokha la apt install dnsmasq, koma musayembekezere kuti iyaka nthawi yomweyo. Kwa ine inakana, n'kulemba kuti "failed to create listening socket for port 53: Address already in use". Lamulo la ss -lntup linaonetsa kuti port 53, khomo limene mafunso a DNS amalowera, inali kale m'manja mwa systemd-resolved, pulogalamu ya mayina imene imabwera kale mu Ubuntu, imene imamvetsera pa 127.0.0.53, pamene dnsmasq mwachizolowezi imafuna kutenga port imeneyo pa maadiresi onse a makinawo nthawi imodzi. Pali njira ziwiri zothetsera mkanganowu. Mungathe kulemba DNSStubListener=no m'fayilo ya /etc/systemd/resolved.conf, koma mukatero muyeneranso kuyang'ana /etc/resolv.conf, chifukwa ikakhala ikulozabe ku 127.0.0.53 kumene kulibenso woyankha, seva yeniyeniyo imasiya kuzindikira dzina lililonse la pa intaneti, moti ngakhale apt sigwiranso ntchito. Ine ndinasankha njira yachiwiri, yosiya systemd-resolved momwe ilili n'kuuza dnsmasq kuti izimvetsera pa adiresi imodzi yokha kudzera m'mizere ya listen-address=192.168.10.20 ndi bind-interfaces. Pulogalamuyi sindingaiimbe mlandu wonse pa mkanganowu, komabe ndikuona kuti munthu amene akuiika koyamba amafunika kuchenjezedwa, chifukwa uthenga wa vutowo sutchula n'komwe dzina la pulogalamu imene yatenga port.

Njira imene ndinasankhayo inali ndi msampha wake, umene unaonekera tsiku limene magetsi anazima kwa nthawi yaitali mpaka batire ya UPS kutha. Magetsi atayakanso seva inadzuka yokha monga ndinaikonzera, koma dnsmasq sinayake, ndipo m'mawa mwake ofesi yonse inkadandaula kuti intaneti yafa, pamene intanetiyo inalipo ndithu. Mu journalctl -u dnsmasq ndinapeza uthenga wakuti "Cannot assign requested address". Pulogalamuyi inafulumira kuyaka khadi la netiweki lisanalandire adiresi yake, ndipo ndi bind-interfaces siidikira. Nditasintha mzerewo kukhala bind-dynamic, umene umalola dnsmasq kugwira adiresi ikangoonekera, vutolo silinabwererenso, ngakhale kuti magetsi azimapo kambirimbiri kuchokera nthawi imeneyo. Aliyense amene seva yake imazima mosayembekezereka angachite bwino kuyambira pa bind-dynamic.

Chinthu chimene chinandidyera nthawi yambiri kuposa zonse chinali mzere umodzi wa m'fayilo ya /etc/hosts umene sindinaulembe ine. Debian ndi Ubuntu poikidwa zimalemba dzina la makinawo pa adiresi ya 127.0.1.1, n'cholinga chakuti mapulogalamu monga sudo azitha kuzindikira dzinalo ngakhale netiweki kulibe. Mukachotsa mzerewo, sudo ingathe kuyamba kudandaula kuti "unable to resolve host", ndipo Apache nayo imakonda kutchula adiresi yomweyo ikamanena kuti siikudziwa dzina lonse la seva. Pa makina amodzi mzerewu ulibe vuto lililonse. Koma dnsmasq imatenga zonse zimene zili m'fayiloyo n'kuzigawira aliyense wofunsa, choncho kompyuta ya mlembi itafunsa adiresi ya seva, inauzidwa kuti ili pa 127.0.1.1, kumene kuli kuiuza kuti sevayo ndi iwe mwini. Chifukwa chakuti ndinali nditawonjezeranso pansi pake mzere wolondola wa 192.168.10.20, dzina lomwelo linali ndi maadiresi awiri, ndipo zotsatira zake zinali zosokoneza kwambiri: tsamba la maakaunti linkatseguka pa kompyuta ina n'kukana pa ina, ndipo pa kompyuta imodzimodziyo linkatseguka m'mawa n'kukana masana. Ndinakayikira nthambo, ndinakayikira switch, ndinafika pokayikira antivayirasi, pamene vuto linali pa mzere wachiwiri wa fayilo imene ndinkaitsegula tsiku ndi tsiku.

Mankhwala ake ndi amene ndimalangiza aliyense tsopano: musalole dnsmasq kuwerenga /etc/hosts ya seva. Lembani no-hosts, kenaka addn-hosts=/etc/dnsmasq-hosts kapena dzina lina lililonse limene mwasankha, ndipo m'fayilo yatsopanoyo muike mayina okhawo amene mukufuna kuti netiweki yonse iwadziwe. Kalembedwe kake n'chimodzimodzi ndi ka hosts, adiresi poyamba, dzina lenileni pambuyo pake, kenaka mayina ena achidule ngati alipo. Kulekanitsa mafayilo awiriwa kumathandizanso pa maseva amene anaikidwa kudzera mu cloud-init, pulogalamu imene imakonza seva ikamayaka, popeza ngati manage_etc_hosts ili yoyatsa, fayilo ya /etc/hosts imalembedwanso mwatsopano makina akamadzuka, ndipo zonse zimene munawonjezera pamanja zimafufutika.

Pofufuza vuto limenelo ndinaphunziranso chinthu chimene ndinayenera kuchidziwa kale, chakuti zipangizo zoyesera mayina sizifunsa malo amodzi. Malamulo a dig, host ndi nslookup amapita molunjika kwa seva ya DNS ndipo sawerenga okha fayilo ya hosts ya makina amene mwakhalapo, pamene ping, ssh, curl ndi mapulogalamu ambiri amatsata ndondomeko yolembedwa pa mzere wa hosts m'fayilo ya /etc/nsswitch.conf, imene kawirikawiri imayamba ndi files kenaka dns. N'chifukwa chake dig ingathe kupereka adiresi ina ndipo ping n'kupita kwina, popanda chimodzi mwa ziwirizi kunama. Lamulo limene limaonetsa zimene mapulogalamu enieni akuona ndi getent hosts, kapena getent ahosts ngati mukufuna kuona maadiresi onse ndi dongosolo lake. Ndondomeko yanga tsopano njakuti ndimayamba ndi getent pa makina amene akudandaula, kenaka dig @192.168.10.20 kuti ndimve zimene dnsmasq ikunena payokha, ndipo mayankho awiriwo akasiyana ndimadziwa kuti vuto lili pa makinawo osati pa seva.

Apa m'pamene dnsmasq imandisangalatsa kwambiri. Mukalemba log-queries, funso lililonse limalembedwa pamodzi ndi adiresi ya amene wafunsa, ndipo yankho limasonyeza kumene lachokera: ngati lachokera m'fayilo, dzina la fayiloyo limaoneka kumayambiriro kwa mzere, ngati lachokera m'zosunga zake limalembedwa kuti cached, ngati latumizidwa kunja mumaona forwarded kenaka reply, ndipo ngati lachokera m'makonzedwe anu limalembedwa kuti config. Munthu akandiimbira foni kuti dzina lakutilakuti silikugwira, ndimatsegula journalctl -f -u dnsmasq n'kumupempha kuti ayesenso. Funso lake likaoneka, ndimawerenga yankho limene wapatsidwa. Likapanda kuoneka, ndiye kuti kompyuta yake siikufunsa seva yathu n'komwe, ndipo kufufuza kumasamukira kwa iye. Ndi fayilo ya hosts yokha palibe umboni wotere, chifukwa palibe paliponse pamene pamalembedwa kuti dzina lafunsidwa. Ndimazimitsa log-queries ndikamaliza kufufuza, osati chifukwa cha kukula kwa mafayilo kokha, komanso chifukwa imaonetsa mawebusaiti onse amene wantchito aliyense akutsegula, zimene sindiona kuti ndi ntchito yanga kuzidziwa.

Kusintha dzina n'kosavuta, koma pali kusiyana kumene kunandipusitsapo kamodzi. Lamulo la systemctl reload dnsmasq limatumiza chizindikiro cha SIGHUP, chimene chimachititsa pulogalamuyi kuwerenganso mafayilo a mayina ndi kutaya mayankho amene inasunga, koma siiwerenganso dnsmasq.conf kapena zimene zili mu /etc/dnsmasq.d. Mukasintha makonzedwe enieni muyenera kuchita restart, ndipo ndi bwino kuyamba mwayesa dnsmasq --test kuti muone ngati simunalakwitse kalembedwe, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chimasiya ofesi yonse yopanda mayina. Chabwino n'chakuti mayankho ochokera m'fayilo ya mayina amatuluka ndi TTL, nthawi imene kompyuta imaloledwa kusunga yankho, ya 0 pokhapokha mutaisintha ndi local-ttl, kotero makompyuta sawasunga nthawi yaitali, ndipo kusamutsa seva kumene kale kunanditengera masana onse tsopano ndi nkhani ya kusintha mzere umodzi.

Pa nkhani ya dzina la domeni ndinalakwitsa ndekha. Poyamba ndinasankha ofesi.local, monga mmene ambiri amachitira, n'kulemba domain ndi expand-hosts kuti dzina lalifupi ngati akaunti lizidziwikanso monga akaunti.ofesi.local. Makompyuta a Windows sanadandaule, koma awiri a Ubuntu Desktop anakaniratu. Chifukwa chake chinali mu nsswitch.conf momwemo, pamene pamalembedwa mdns4_minimal [NOTFOUND=return] patsogolo pa dns. Mathero a .local anapatulidwira Multicast DNS, njira imene makina amafunsana okha mayina popanda seva, m'chikalata cha malamulo a intaneti cha RFC 6762, choncho pa makompyuta awiriwo dzina lothera motero linkafunsidwa kwa Avahi, pulogalamu yochita ntchito imeneyo, ndipo likapanda kupezeka kufufuza kunkathera pomwepo osafika kwa dnsmasq. Apanso dig inkayankha bwinobwino pamene ping inkakana. Mayina oyenera alipo: home.arpa inakhazikitsidwa mu RFC 8375 m'chaka cha 2018, ndipo m'chaka cha 2024 ICANN inapatula .internal kuti izigwiritsidwa ntchito m'manetiweki a m'kati okha. Ndinasamukira ku ofesi.internal, n'kuwonjezera local=/ofesi.internal/ kuti mafunso a mayina athu asamatumizidwe kunja. Kudzipekera mathero kuli ndi ngozi yake, monga anaonera amene ankagwiritsa ntchito .dev pa makina awo oyesera, pamene Google inatenga matherowo ndipo Chrome inayamba kukakamiza HTTPS pa mayina onse otero kumapeto kwa 2017.

Pali zinthu zimene fayilo ya hosts singathe kuchita koma dnsmasq imachita mosavuta. Fayilo ya hosts siilola nyenyezi yoimira mayina ambiri, pamene mzere umodzi wa address=/mayeso.ofesi.internal/192.168.10.30 umatumiza dzina lililonse lothera motero ku makina athu oyesera. Dziwani kuti kuyambira pa 2.86 khalidwe la mzere umenewu linasintha, moti mafunso a mitundu ina, monga AAAA ofunsa adiresi ya IPv6, amatumizidwa kunja ngati palibe mzere wa local wa domeniyo, ndipo malangizo akale ambiri a pa intaneti satchula zimenezi. Chinanso ndi nginx, seva ya mawebusaiti: pamene proxy_pass ikugwiritsa ntchito variable, nginx imafunsa seva yotchulidwa pa mzere wa resolver ndipo siiyang'ana /etc/hosts ngakhale pang'ono, kotero dzina limene ping ikulipeza bwinobwino limabweretsa uthenga wa vuto wa 502. Kuloza resolver ku dnsmasq kunathetsa nkhaniyo. N'chimodzimodzi ndi makontena a Docker, amene aliyense amakhala ndi fayilo yake ya hosts ndipo saona ya seva imene akukhalapo. Kale ndinkadzaza extra_hosts m'fayilo iliyonse ya compose, koma tsopano onse amafunsa malo amodzi.

Pa za liwiro ndilibe zambiri zonena. Pulogalamuyi ndi yopepuka moti pa seva yathu siioneka n'komwe pa mndandanda wa zimene zikudya memory. Mwachizolowezi imasunga mayina 150 okha, amene ndi ochepa pa ofesi ya anthu makumi awiri, choncho ndinalemba cache-size=1000. Ndinalembanso no-resolv ndi mizere iwiri ya server yoloza ku 1.1.1.1 ya Cloudflare ndi 9.9.9.9 ya Quad9, kuti isamadalire resolv.conf ndi kuzungulira m'bwalo ndi systemd-resolved. Phindu limene anzanga analiona okha ndi lakuti intaneti ikaduka, tsamba la maakaunti, chikwatu cha mafayilo ndi makina osindikizira zimatsegukabe ndi mayina awo.

Zofooka zilipo, ndipo chachikulu n'chakuti mayina onse tsopano akudalira makina amodzi: seva ikazima, palibe amene angatsegule chilichonse. Ndinayesapo kupatsa makompyuta 8.8.8.8 ya Google monga DNS yachiwiri, koma zimenezi zinabweretsa vuto loipa kuposa loyambalo, chifukwa kompyuta ikangosamukira kwa yachiwiriyo imauzidwa kuti akaunti.ofesi.internal kulibe, n'kukhulupirira yankho limenelo, ndipo ingathe kukhala kumeneko ngakhale seva yathu itabwerera. Yankho lenileni ndi dnsmasq yachiwiri pa makina ena, koma pulogalamuyi ilibe njira yakeyake yogawana fayilo ya mayina pakati pa makina awiri, kotero ndimakopera ndi rsync nthawi iliyonse ndikasintha. Ilibenso tsamba la mabatani. Zonse ndi mafayilo, ndipo buku lake la man dnsmasq ndi lalitali kwambiri, lolembedwera munthu amene akudziwa kale chimene akufuna. Amene akufuna zooneka ndi maso angakonde Pi-hole. Siithanso kubisa mafunso amene ikutumiza kunja kudzera mu DNS over TLS kapena DNS over HTTPS, ndipo payokha siifufuza mayina kuchokera ku maseva a muzu monga imachitira Unbound kapena BIND. Mafoni a Android amene eni ake analembamo seva ya Private DNS, komanso mabrowser amene ayatsa DNS over HTTPS, angathe kuilambalala, ndipo mudzazindikira zimenezi poona kuti mafunso awo sakuoneka mu log.

Za chitetezo siziyenera kunyalanyazidwa. Mu October 2017 akatswiri a Google analengeza mabowo asanu ndi awiri amene anatsekedwa mu 2.78, ndipo mu January 2021 kampani ya JSOF inalengeza ena asanu ndi awiri otchedwa DNSpooq, amene anatsekedwa mu 2.83. Pa seva ya Ubuntu kapena Debian zokonza zotere zimafika kudzera mu apt, koma m'marauta akale amene opanga ake anasiya kuwasamalira zimakhala momwemo, ndipo chimenechi ndi chifukwa chimodzi chimene ndinaiikira pa seva m'malo modalira ya mu rauta. Port 53 yake siyenera kuonekera pa intaneti, chifukwa seva ya DNS yoyankha aliyense imagwiritsidwa ntchito ndi achiwembu pothira makina a anthu ena mafunde a mauthenga.

Ndikuona kuti dnsmasq ndi yoyenera pa ofesi yaing'ono, sukulu kapena chipatala chaching'ono chimene chili ndi maseva ochepa ndi munthu mmodzi wodziwa Linux, makamaka ngati munthuyo watopa ndi kusintha mafayilo a hosts pa kompyuta iliyonse. Kumene kuli kale Active Directory, dongosolo la Microsoft loyang'anira makompyuta ndi owagwiritsa ntchito, DNS ya Windows Server isiyidwe pamalo pake, popeza makompyuta a mu domeni amadalira zolembedwa zimene imazisamalira yokha. Kumene kuli seva imodzi yokha imene ikungofuna kudziwa mayina awiri kapena atatu, fayilo ya hosts ndi yokwanira ndipo palibe chifukwa choonjezera pulogalamu ina. Mbali ya dnsmasq ya DHCP, yogawira makompyuta maadiresi, ndinaiyatsa patatha miyezi ingapo, ndipo ubwino wake ndi wakuti kompyuta ikalandira adiresi, dzina lake limalowa lokha mu DNS popanda ine kulemba kanthu.

Dandaulo lomaliza limene ndinalandira pa nkhani ya mayina linabwera miyezi itatu yapitayo, nditasamutsanso seva ya mafayilo. Makompyuta onse anatsatira adiresi yatsopano kupatula imodzi ya ku ofesi ya malipiro, ndipo mu log munalibe funso lililonse lochokera kwa iyo lokhudza dzina limenelo, ngakhale kuti mafunso ake a mayina ena ankaoneka. Nditapita pa tebulopo n'kutsegula fayilo yake ya hosts, ndinapeza mzere wa 192.168.10.6 mafayilo umene ndinaulemba ndekha zaka zitatu m'mbuyomo n'kuiwala kuufufuta, ndipo popeza Windows imayamba yawerenga fayiloyo isanafunse DNS, dnsmasq sinkafunsidwa n'komwe. Ndinaufufuta, ndinachita ipconfig /flushdns, kenaka ndinayendera matebulo onse komaliza kuchotsa mizere yakale imene inatsala.